Buku la Madzi ndi Denga la ku Chikomeni

Dar es Salaam
15 Meyi 1977

Amake Olipa,

Monire nonse kumeneko. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mwana wathu Olipa, amayi ako, ndi amalume ako a Kenan. Ine kuno ndili bwino, kupatula thukuta limene silimusiya munthu ngakhale ali chikhalire.

Kalata yako inafika itayenda pafupifupi mwezi. Ndaseka kumva kuti anthu akuti ndili ku Joni. Kwathu aliyense wokwera basi ya ku Chipata ndi sutikesi ndiye kuti wapita ku Joni. Uwauze kuti ine sindikumba pansi, ndimayandama pamwamba. Ntchito ndi yomwe ija pa kalabu ya maboti a matanga, aja oyenda ndi mphepo: kupala, kupenta, kukoka zingwe, ndi kuperekeza eni maboti akafuna kukaombedwa mphepo.

Tsopano nkhani ndi iyi. Mu Seputembala ku ofesi ya padoko kuli mayeso a anthu ofuna kuyendetsa boti paokha. Munthu salemba mwakufuna kwake, pamafunika bwana wa kalabu apereke dzina, ndipo wapereka langa. Ndikakhoza n'kupeza pepala lake ndikafunsira ntchito ku Mpulungu, m'dziko lathu lomwelo, kumene ndamva kuti woyendetsa boti amapatsidwa nyumba. Pamenepo ndidzagwada kwa a Kenan kupempha kuti ndikutenge. Madzinja atatu ndakhala kunja, ndipo kubwera chimanjamanja sindingathe.

Za denga ndamva. Zandiwawa kuti Olipa ankagona pakona pothawa madontho. Ndikudziwanso zimene amalume akunena, kuti nyumba ya mkazi amafolera ndi mwamuna wake. Sanalakwe. Udzu ukauma upemphe a Danwell, aja anafedwa mkazi chaka chatha, amwete ndi kuunjika kuseri kwa nkhokwe. Malipiro awo uchotse pa kandalama ndatumiza ku positi. Koma padenga pasakwere munthu. Ndidzakwera ndekha mu Okutobala mvula isanayambe.

Khadi la chipani ugule latsopano, asakubwezenso pachipata cha msika ku boma. Sopo kunonso wasowa, anthu akuima pamzere ngati kwathu komweko.

Wotchi ija tinagula limodzi kwa mwenye ku Lundazi ikuyendabe pa nthawi ya kwathu. Kuno dzuwa limafulumira, mawotchi awo ali patsogolo ndi ola limodzi, ndipo anzanga amandiseka kuti ndine wochedwa chibadwire. Sindiikonza. Ndikafuna nthawi ya kuno ndimawonjezera ola m'mutu, koma ndikangoiyang'ana ndimadziwa kuti tsopano uli kuchitsime, tsopano ukusesa pabwalo.

Ndine mwamuna wako,
Benwell

Dar es Salaam
26 Juni 1977

Amake Olipa,

Moni kwa iwe ndi onse apabanja. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha amayi chapepuka ndiponso kuti chimanga chalowa m'nkhokwe. Ine ndili bwino.

Wandifunsa kuti mayesowa ndi otani kuti munthu wamkulu azikhala pansi ngati mwana wa sukulu. Iwe nyanja iyi sunaionepo, ndiye ndikufotokozere. Mtsinje wa Lundazi umadzaza ikagwa mvula. Nyanja iyi imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku popanda dontho lochokera kumwamba. M'mawa boti likuyandama, masana ukulipeza litagona pamchenga, amayi akutola nkhono pambali pake. Pali buku limene limanena za tsiku lililonse: ola limene madzi adzadzaze ndi kuya kwake, ola limene adzaphwe ndi kuya kwake. Basi. Za pakati pa maola awiriwo bukulo lili chete, ndipo mayeso agona pakati pomwepo. Akufunsa kuti ola lakutilakuti pamalo akutiakuti patsala madzi ochuluka bwanji, boti lako lidutsa kapena likhula pansi.

Amene akutiphunzitsa ndi Mzee Athumani, nkhalamba imene inayendetsa zombo mpaka maso atayamba kuchita chifunga. Timakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shedi tikaweruka. Tsiku loyamba ine ndinagawa madziwo monga timagawira mizere kwa aganyu: maola ndi asanu ndi limodzi, lililonse gawo lofanana ndi linzake. Mzee anaseka mpaka kutsokomola. Anati, “Benwell, nyanja si waganyu. Imayamba mwaulesi, imathamanga pakati, imamaliza mwaulesi.” Kenaka anatulutsa mtedza m'thumba, nawerenga khumi ndi ziwiri, naziika m'milu: imodzi, ziwiri, zitatu, zitatu, ziwiri, imodzi. Ola loyamba madzi amatsika gawo limodzi lokha, lachiwiri awiri, lachitatu ndi lachinayi atatuatatu, kenaka n'kuyambanso kuzengereza. Mtedzawo anadya yekha, ife tikuyang'ana.

Mawu a amalume ndawawerenga kawiri, akuti chizimalupsa chikadzagwa ine ndisanafike adzaitana ankhoswe kuti aone za ukwati wathu. Akuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Uwauze mwaulemu kuti mlamba uno sunachoke m'dziwe lawo. Mayeso akangotha ndikwera sitima ya ku Kapiri tsiku lomwelo.

Lamulungu ndi tsiku londivuta. Ndimapita kutchalitchi, nyimbo zake maimbidwe ndi athu omwe aja koma mawu ndi a Chiswahili, ndiye ndimaimba chamumtima m'chinenero chathu. Ndikabwerera m'kachipinda palibe wondifunsa kuti ulaliki unali wotani. Ndakusowa, Evelina. Sindidziwa kulemba zimenezi mokongoletsa.

Unditumizire kaulusi kotalika ngati phazi la Olipa. Ndaona nsapato zofiira pa sitolo ina.

Wako,
Benwell

Dar es Salaam
7 Ogasiti 1977

Amake Olipa,

Moni. Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino.

Mwezi uno sinditumiza kanthu, ndipo mwina wa mawanso. Ugulitse nkhuku zingapo, koma mbuzi yamkota usaigulitse. Pachitika kavuto pang'ono kuntchito. Palibe amene wavulala. Ntchito sanandichotse, kungoti masiku ano ndili ku shedi kupala utoto, panyanja sindikupitako.

Ndathokoza kuti a Danwell amweta udzu wabwino ndiponso kuti anakonza chitseko cha khola osapemphedwa. Uwathokoze m'malo mwanga.

Kwa amalume usanene kanthu kaye. Ndilemba bwino mutu ukakhazikika.

Benwell

Dar es Salaam
4 Seputembala 1977

Amake Olipa,

Moni kwa iwe, kwa Olipa ndi kwa amayi. Ndili bwino. Kalata yako yafika, ndipo wanena zoona kuti munthu wolemba mizere isanu ndiye kuti wabisa khumi. Ndikuuza zonse, uziwerenga uli wekha.

Kumapeto kwa Julaye bwana wa kalabu anatenga mkazi wake ndi alendo kukagona pa kachilumba kena pafupi ndi mzinda. Anati popeza ndikukonzekera mayeso, ine ndiwerenge madzi a pobwerera. Njira yachidule imadutsa pakati pa miyala iwiri, pamalo osaya. Boti lake lili ndi chitsulo cholemera pansi, chonga chipsepse cha nsomba, chimene chimafuna madzi akuya ndithu. Mwezi unali wathunthu, ndipo nthawi yotero nyanja imadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Buku linati madzi adzaza 5 koloko m'mawa. Ndinawerenga bwinobwino: pofika 7 koloko atsika magawo atatu okha mwa khumi ndi awiri, tidutsa mosavuta. Kupitirira apo ayi. Masamu anali olondola, Mzee anawaona pambuyo pake ndipo sanapezepo cholakwa.

Linali Lamulungu m'mawa. Tikuyandikira miyalayo bwana anafunsa ngati nthawi ilipo. Ndinayang'ana wotchi, inali isanakwane 7. M'malo mowonjezera ola lija, ndinakuona iwe ukumupesa Olipa tsitsi pakhonde kuti mupite kutchalitchi, iye akuzemba chipeso. Ndinayankha kuti nthawi ilipo. Pamenepo kuno inali ikukwana 8, ndipo ola limene ndinataya ndi lija lothamanga, la magawo atatu. Madzi anali atatsika pafupifupi mita ina yathunthu.

Phokoso la chitsulo pamwala sindidzaliiwala. Boti linaima, kenaka madzi akuthawabe linagona cham'mbali. Tinakhala pamenepo padzuwa mpaka madzulo, asodzi akudutsa n'kumatipatsa moni waulemu wopitirira muyezo. Bwana anangogwira dzanja langa, nayang'ana wotchi yanga, nayang'ana yake.

Dzina langa walichotsa pa mayeso a mwezi uno. Mzee anamudandaulira, ndipo wavomera kuti aliperekenso pa mayeso a mu Disembala ngati ndigwira bwino ku shedi. Za kukonza boti akundidula pang'onopang'ono. Wotchi ndaikonza, tsopano ikuyenda pa nthawi ya kuno.

Ndiye Okutobala sindibwera. Ndikabwera tsopano ndibwera wopanda pepala, wopanda kanthu m'thumba, ndipo dzina langa silidzaperekedwanso. Miyezi itatu si yambiri poyerekeza ndi imene tapirira kale. Ndalembera achimwene a Anderson, nkhoswe yanga, kuti apite kwa a Kenan akapemphe kuti adikire mpaka Khirisimasi. Iwenso uwalankhule, amakumvera.

Denga silingadikire Khirisimasi. Sindifuna mwana agonenso pakona. Ngati palibe njira ina, a Danwell afolere. Ndalemba mawu amenewa dzanja likukana.

Ndine mwamuna wako,
Benwell

Dar es Salaam
23 Okutobala 1977

Amake Olipa,

Moni. Ndikhulupirira kuti muli bwino, ngakhale sindinamve kanthu kuchokera kwa iwe chilembere kalata ija. Mwina positi ndiyo yachedwa. Ine ndili bwino, kupatula manja amene asupuka ndi mankhwala ochotsera utoto.

Ndinakumana ndi munthu wa kwa Mwase amene amagwira ntchito pa sitima. Anali kwawo mwezi watha ndipo anadutsa kwanu ku Chikomeni. Akuti denga lako ndi lokongola kuposa onse pamudzi, lometedwa bwino m'mphepete. Akutinso anaona a Danwell akusema mpini pabwalo pako, Olipa atakhala pambali pawo. Ananena zimenezi akuyang'ana m'kapu yake ya tiyi. Ine ndinamuuza kuti ndine ndinawatuma. Anati, “Yewo, ndiye kuti zili makora, zili bwino.” Tinakamba za mtengo wa feteleza.

Sindikukufunsa kanthu. Ndangokuuza zimene ndamva.

Kaulusi kaja sikanafike, koma nsapato ndagula zisanathe. Phazi la Olipa pamene ndimachoka ndikulidziwa, linkakwana m'chikhatho changa. Lako ndikulidziwanso. Ndinayerekeza pakati pake, n'kuwonjezera pang'ono chifukwa ana a msinkhu umenewu amakula mothamanga. Zikakhala zazikulu uikemo thonje kutsogolo. Ndazipereka kwa munthu wa pa sitima uja.

Maphunziro afika povuta. Buku lija linalembedwera doko lino lokha. Ukafuna madzi a ku Bagamoyo kapena ku chilumba cha Mafia pali timanambala towonjezera kapena kuchotsera, tina ta masiku a madzi aakulu, tina ta masiku amene kuno amati maji mafu, madzi akufa, pamene nyanja imangogwedezeka pang'ono. Tsiku lako likagwa pakati pa ziwirizi, uyeneranso kupeza pakati pa timanambalato, usanayambe n'komwe za mtedza zija. Chondiseketsa n'chakuti nyanja ya ku Mpulungu sidzaza kapena kuphwa. Ndikuthyola mutu ndi zinthu zimene sindidzazigwiritsa ntchito, koma pepala ndi lomweli.

Dzana Mzee anandipeza ndikuyang'ana mitambo ya kumadzulo. Ndinali nditamuuza za amalume. Anakhala pansi pambali panga nati, “Mayeso amabwera chaka chilichonse. Pita kwanu.” Ndinamufotokozera kuti a Kenan ndi munthu waukali wapakamwa chabe, kuti chizimalupsa nthawi zina chimachedwa mpaka Novembala, kuti ankhoswe sakumana tsiku limodzi n'kumaliza. Anamvetsera mpaka mapeto, nati ndawerenga bwino, koma buku la anthu iye sanalionepo. Ndinakwiya naye pang'ono. Iye kwawo n'komwe kuno, akaweruka amayenda wapansi.

Kodi mitambo yayamba kumeneko? Undilembere, ngakhale mzere umodzi.

Wako,
Benwell

Dar es Salaam
11 Disembala 1977

Amake Olipa,

Moni kwa nonse. Ndikhulupirira kuti mwabzala ndipo chimanga chamera. Ine ndili bwino.

Mayeso ndalemba Lachinayi. Tinali m'chipinda cha pamwamba ku ofesi ya padoko, mazenera otsekula, pansi zombo zikulira. Anzanga onse anaperekezedwa, wina ndi mkazi wake, wina ndi bambo ake atanyamula botolo la madzi. Ine ndinapita ndi pensulo ziwiri.

Funso la madzi linali lalitali. Boti lofuna madzi akutiakuti likufuna kulowa ku Bagamoyo masana, tsiku la pakati pa madzi aakulu ndi madzi akufa, madzi akuphwa. Kodi lingadutse mochedwetsetsa nthawi yanji? Linali ngati andilembera ine ndekha. Ndinapuma kaye. Ndinapeza pakati pa timanambala, ndinakonza nthawi ndi kuya, ndinajambula timadontho khumi ndi tiwiri m'mphepete mwa pepala n'kutigawa m'milu. Yankho ndinalibwereza katatu ndipo linatuluka lomwelo. Pansi pake ndinalemba kuti woyendetsa wanzeru afike ola limodzi nthawiyo isanakwane. Kaya andidula malikisi chifukwa cholalikira, kaya.

Zotsatira akuti zituluka chaka chatsopano chikalowa. Pepala amapereka m'manja mwa mwini, ndiye Khirisimasi indipeza kuno. Ndikudziwa kuti ndinati Okutobala, kenaka ndinati Khirisimasi. Tsopano ndikuti Januwale, ndipo ndikudziwa mmene zikumvekera m'makutu a munthu wodikira. Koma kwatsala ndi kochepa zedi.

Achimwene a Anderson nawonso sanandiyankhe. Tsiku lililonse ndimadutsa pa ofesi ya kalabu, ndipo kalaliki wayamba kupukusa mutu ndisanafunse n'komwe. Ndimadziuza kuti mvula yawononga msewu wa ku Chipata. Masiku ena ndimakhulupirira.

Ndakugulira chitenje cha kuno, ndi kachipewa ka amalume. Ngongole ya boti yatha, ndiye ndatumizako pang'ono ku positi, mugule shuga ndi mpunga wa Khirisimasi. Kodi nsapato zinamukwana?

Ndine mwamuna wako,
Benwell

Dar es Salaam
22 Januwale 1978

Kwa amake Olipa,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa onse a pamudzi panu. Ndikhulupirira kuti Olipa ali bwino. Ine ndilipo.

Kalata ya a Kenan ndinailandira Lachiwiri. Ndamva kuti chizimalupsa chinagwa kumayambiriro kwa Novembala, kuti ankhoswe anakumana, ndi kuti ukwati wathu anauthetsa achimwene ali pomwepo. Ndamva kuti khasu, nkhwangwa ndi bokosi langa zili kwa achimwene. Ndamvanso kuti a Danwell atumiza munthu kudzafunsira, ndipo a Kenan sanakane. Zonse zachitika mwa mwambo wake, ine ndilibe mlandu ndi munthu. Wofolera ndinamusankha ndekha.

Pansi pa kalatayo pali mzere wa dzanja lanu, wakuti munawapempha amalume adikire mpaka mvula yachiwiri, ndipo anadikira. Zikomo pondiuza. Ndikanakonda ndisanadziwe, koma zikomo.

Lachisanu ndinaitanidwa ku ofesi ya padoko. Ndakhoza. Pepala ndili nalo pano, lili ndi chidindo ndi chithunzi changa. Mzee anandigwira dzanja nthawi yaitali. Madzulo ake ndinagula fanta ziwiri mwachizolowezi cha munthu wokondwerera, ndinamwa imodzi, inayo ndinabweza pa sitolo.

Ku Mpulungu sindilembako. Nyumba ya zipinda ziwiri ndikachita nayo chiyani? Kalabu yandipatsa boti lonyamula alendo kupita kuzilumba, ndipo ndavomera.

Za Olipa ndi izi. Fizi ya sukulu ndi yunifolomu zizichokera kwa ine, ndizitumiza kudzera kwa achimwene kuti pasakhale zokamba panyumba panu. Mbuzi yamkota ndi ana ake ndi za mwanayo. Akafunsa za ine musamuuze kuti ndinaterereka. Mumuuze kuti ndinachedwa. Chitenje chija ndachitumiza kwa amayi anu, ndi chawo. A Danwell muwauze kuti mwanayo amaopa mabingu, ndipo safuna kuti anthu adziwe.

Chotsiriza. Mawa m'mawa ndinyamuka ulendo wanga woyamba ndili woyendetsa. Polembetsa dzulo, kalaliki wa padoko anandifunsa dzina la munthu woti akamuuze ngati tsiku lina boti silibwerera. Ndinatchula lanu, ndi mudzi wanu, ndisanaganize. Atalemba kale ndinafuna kumuuza kuti afufute, koma anali akudikira ndi cholembera m'manja kuti ndimupatse lina. Ngati a Kenan aona kuti n'kulakwa, anditumizire dzina loti ndikaikepo, chifukwa ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndipo sindinalipeze.

Tsalani bwino.

Ndine,
Benwell Mtonga